Tsiku Limodzi pa Mosi-oa-Tunya ndi m'Cigwa ca Batoka

Munthu wocokera ku Chipata amene afuna kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya ayenera kuyenda makilomita oposa 1,000. Ayamba watsata mseu wa Great East kufika ku Lusaka, ndipo kucokera kumeneko atsikira ku cigawo ca kum'mwera, kupyola Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, kufikira atalowa mu mzinda wa Livingstone. Mathithiwo ali pa mtunda wa makilomita 10 kucokera pakati pa mzinda. Mtsinje umene ukugwa pamenepo si wacilendo kwa anthu a kum'mawa, pakuti madzi onse a Luangwa, pamodzi ndi a timitsinje timene amai amatungako m'midzi ya kwa Mambwe ndi ku Petauke, amakathira mu Zambezi yemweyo ku boma la Luangwa, kumene kale kunali kuchedwa Feira.

Mathithi amenewa ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pamalo pamene phompho lazama koposa madzi amagwa mamita 108. Dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiye kuti utsi umene ugunda, linacokera kwa Akololo ndi Alozi. Eni dera, Atoka-Leya a Mfumu yaikulu Mukuni, amati Shungu Namutitima. David Livingstone anafika pano mu Novembala 1855 ataperekezedwa ndi anthu a Mfumu Sekeletu, nawacha dzina la Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande. Mu 1989 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Amene afuna ulendo wathunthu wa tsiku limodzi, wa kuona mathithi, kusambira ndi kuyenda pa bwato m'cigwa, sabwera mu Epulo pamene mtsinje wadzaza. Pa nthawi imeneyo nthunzi ya madzi imakwera kumwamba nioneka kutali ngati moto wa lupsa, ndipo munthu woima pa kaulalo ka Knife Edge amanyowa mpaka mkati osaona kanthu. Nyengo yoyenera ndi ya cilimwe, kuyambira mu Ogasiti kufikira mu Disembala, madzi atacepa. Mbali ya kum'mawa ya mathithi, imene ili ku Zambia, imatsala thanthwe lakuda ndi timizere ta madzi apa ndi apo. Izi zimacitika caka ndi caka, ngakhale kuti mu 2019 cilala cinakulitsa zinthu, zithunzi za thanthwe loumalo nkufalikira m'maiko ambiri. Komanso madzi ena amapatutsidwa kumtunda kwa mathithi kupita ku makina a magetsi a ZESCO, amene amatulutsa mamegawati 108.

Ulendo umayamba dzuwa lisanatenthe. Galimoto imasonkhanitsa alendo m'mahotela, ndipo pafupi ndi mathithi aliyense amalandira cisoti colimba, jekete loyandamitsa munthu pamadzi, ndi nkhafi. Wotsogolera amaima patsogolo pao nafotokoza malamulo: momwe agwirire nkhafi kuti asagulule mano a mnzace, momwe agwirire cingwe ca m'mbali mwa bwato, ndiponso cocita ngati munthu wagwera m'madzi, ndico kugona cagada mapazi ali kutsogolo, kuti miyala ikumane ndi zidendene osati mutu. Alendo ambiri amaseka pomva izi. Kuseka kumatha akayamba kutsika.

Njira yotsikira ku Boiling Pot, dziwe limene madzi ace amazungulira ngati mphika wowira, ndi yotsetsereka ndipo imadutsa m'nkhalango ya kanjedza ndi mitengo ya ziyangoyango, mmene anyani amakhala pamiyala kuyembekeza wina wosasamala ndi thumba lace. Mlendo amatsika atanyamula nkhafi yokha, komabe maondo amanjenjemera. Koma mabwato a mphira amene adzawapeza pansipo atapopedwa kale sanagwe kumwamba. Anawatsitsa ndi amtengatenga, anyamata ndi abambo ocokera m'midzi ya kwa Mukuni ndi midzi ina ya m'mphepete mwa cigwa, amene amalawira m'mamawa atasenza pamutu ndi pamapewa mabwato opindidwa, mapampu ndi zipangizo zina. Madzulo adzazikwezanso. Pa zithunzi zimene alendo amapita nazo kwao, anthu awa saoneka kawiri-kawiri, koma popanda iwo palibe bwato limene likanafika pamadzi.

Madzi akacepa ndithu, otsogolera ena amayamba apalasira kumtunda, kulowa m'mpata wopapatiza umene mtsinje wonse umatulukiramo utagwa. Kumeneko, patsinde peni-peni pa mathithi, pali maiwe ang'ono-ang'ono pakati pa miyala yoterera. Munthu amasambira akuyang'ana kumwamba, khoma lakuda litaima pamwamba pace kutalika kuposa mitengo isanu ya bulugamu yolumikizidwa, madzi akumugwera kumsana ngati matalala, utawaleza uli pafupi moti nkufuna kuugwira. Mau a munthu samveka. Wotsogolera amalankhula ndi manja cabe.

Kucoka apo bwato limatembenuka nilipita pansi pa ulalo wa njanji umene unatsirizidwa mu 1905, wokwera mamita 128 pamwamba pa madzi. Cecil Rhodes ndiye anafuna kuti ulalowo umangidwe pafupi motero, kuti nthunzi ya mathithi izigwera pa sitima, koma anamwalira mu 1902 asanauone. Pansi pa ulalo ndi pamene ciyambira cigwa ca Batoka, ngalande yakuya yokhota-khota imene mtsinje unadzikumbira wokha m'thanthwe. Akatswiri a miyala akuti mathithi sanali pamalo ano kuyambira kale. Madzi amapeza mng'alu wofewa m'thanthwe, naukumba kwa zaka zikwi zambiri mpaka usanduke phompho latsopano, ndipo mathithi amabwerera cambuyo. Makhonde okhota amene bwato lipitamo ndiwo malo amene mathithi anagwerapo kale.

M'cigwamo muli malo amene madzi amathamanga mwaukali pamiyala nautsa mafunde otalika kuposa munthu. Opalasa amawacha marapidi, ndipo anawapatsa manambala kuyambira 1 kufika 25, ambiri a iwo ndi maina a Cingerezi oopseza ndi oseketsa pamodzi. La cisanu ndi Stairway to Heaven, makwerero opita kumwamba, pamene bwato limatsika mwadzidzidzi ngati lagwa kucokera padenga la nyumba. La cisanu ndi ciwiri ndi Gulliver's Travels, lalitali ndi lokhota, limene limayesa nzeru za wotsogolera koposa ena onse. La cisanu ndi cinai, Commercial Suicide, alendo salowamo konse. Amatsika nayenda pamiyala, bwato nkumapita lopanda anthu.

Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa munthu wodziwa mtsinje ndi munthu wolimba mtima cabe. Wotsogolera amakhala kumbuyo kwa bwato, ndipo asanalowe m'mafunde amawerenga madzi monga mlenje awerengera mapazi a nyama. Amadziwa pamene pali mwala wobisika, pamene madzi amabwerera m'mbuyo nagwira bwato osalitaya, ndi kanjira kopapatiza kamene kamasintha mlungu ndi mlungu pamene mtsinje ukuphwa. Njira imene inali yabwino mu Seputembala ingathe kugubuduza bwato mu Novembala. Nzeru yotere siiphunziridwa m'kalasi. Otsogolera ambiri anayamba ngati amtengatenga, pambuyo pace nakhala opalasa timabwato ta munthu mmodzi timene timatsogola kukadikira pansi pa mafunde kuti titole ogwa, ndipo patapita zaka ndi pamene anapatsidwa bwato la alendo. Bwato likagubuduzika, zimene zimacitika kawiri-kawiri ndipo alendo ena amacita kuzipempha, wotsogolera amakwera pamimba pace, nalitembenuza ndi cingwe, nayamba kuwerenga mitu. Ngozi zeni-zeni ziliko, ndipo mtsinjewu unatengapo miyoyo. Cifukwa cace wofuna kupita asankhe kampani yokhala ndi cilolezo ca Boma, ndipo wodwala mtima kapena mai woyembekezera asayese.

Pakati pa marapidi mtsinje umafatsa. Pamalo ena wotsogolera amalola alendo kudumphira m'madzi ndi kuyandama pambali pa bwato, makoma akuda ataima uku ndi uku, dzanja lamanzere Zambia, lamanja Zimbabwe. Mvuu mulibe m'cigwamo, ndipo ng'ona zimene zimaoneka pamiyala zimakhala zazing'ono. Komabe palibe amene amalowa m'madzi wotsogolera asananene.

Nchito imeneyi si yakale. Mabwato a mphira anayamba kutsika m'cigwa ca Batoka mu 1981, pamene gulu la Sobek la ku Amereka linayesa ulendowo, ndipo Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, analipo pakulitsazika. Lero ana ambiri a m'midzi yozungulira anaphunzira sukulu ndi ndalama za m'cigwamo. Ocita ulendo wa theka la tsiku amatulukira pa rapidi la khumi, ndipo cimene cimawayembekeza ndi citunda cokwera ndi manja ndi miyendo, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Ambiri amanena kuti citundaco cimaposa mafunde onse.

Masana ulendo umasamukira kumtunda kwa mathithi. Bwato la injini limatenga alendo kupita pa cilumba ca Livingstone, cimene cakhala pamlomo peni-peni pa phompho. Ndi pa cilumba ici pamene Livingstone anasuzumira pansi koyamba, nabzalapo mbeu za zipatso ndi za khofi, zimene sizinapulumuke kwa mvuu. Kwa Atoka-Leya malo ozungulira mathithi anali opatulika kalekale mzungu asanafike, ndipo kufikira lero mwambo wao wa Lwiindi umakumbukira makolo ndi kupempha mvula. Kucokera pa cilumba alendo amasambira kamtunda kocepa motsata wotsogolera, kufika pa dziwe lochedwa Devil's Pool. Dziweli lili pamphepete pa mathithi, koma pamlomo pace pali mwala wobisika m'madzi umene umachinga munthu kuti asakokoloke. Mlendo amagona camimba pamwalapo, wotsogolera atamugwira akakolo, nayang'ana madzi akugwa mamita pafupi-fupi 100 pansi pa cibwano cace, tinsomba tikumujompha kumapazi. Ena amalira, ena amaseka, ena amangofuna cithunzi kuti acokepo msanga.

Mtengo wa zonsezi ndi wowawa. Ulendo wa pa bwato ndi wa pa cilumba uliwonse umaposa madola 100 a ku Amereka pa munthu mmodzi, ndalama zimene mlimi angazipeze atagulitsa matumba angapo a cimanga. Motero ana a sukulu ndi mabanja a m'dziko muno amathera pa kuona mathithi kucokera pa njira za m'paki, pamene nzika zimalipira ndalama yocepa ya makwaca. Kumeneko kokha nkokwanira kumubweza munthu kwao ali ndi nkhani ya caka conse, koma nzacisoni kuti mwana wobadwira m'mphepete mwa Zambezi amadziwa Devil's Pool pa zithunzi za alendo.

Pali nkhani ina imene otsogolera saiiwala ngakhale pamene akuseketsa alendo. Maboma a Zambia ndi Zimbabwe, kupyolera m'bungwe la Zambezi River Authority, akhala akukonza zomanga damu lalikulu m'cigwa ca Batoka, makilomita pafupi-fupi 50 kumunsi kwa mathithi, lakuti lizitulutsa mamegawati 2,400 ogawana pakati pa maiko awiriwa. Kufunika kwace palibe angakukane. Mu 2024 cilala cinaphwetsa nyanja ya Kariba, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema nalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, ndipo magetsi anali kuzima pafupi-fupi tsiku lonse. Zigayo zinaima, mapampu a madzi anaima, ndi zipatala zinadalira majenereta. Wa ku Katete amene anabwerera ndi cimanga cace kucigayo masiku atatu motsatizana sangamvetse msanga cifukwa cosungira mafunde kuti alendo azisewerapo.

Komabe anthu a kum'mwera ali ndi cikumbukiro cao. Pamene damu la Kariba linamangidwa, nilitsirizidwa mu 1959, Atonga okwana 57,000 anasamutsidwa m'cigwa ca Gwembe, ndipo midzi yao yambiri inakhala zaka makumi osaona magetsi amene anawasamutsa. Damu la Batoka silidzamiza midzi yambiri motero, pakuti madzi ace adzakhala m'ngalande yakuya, koma lidzamiza nchito. Nyanja yace idzabwerera m'cigwa kulinga ku mathithi, ndipo bungwe la UNESCO linadandaulapo za zimenezi. Nchito yomanga inaperekedwa mu 2019 kwa makampani a General Electric ndi PowerChina, koma pangano limenelo linadzathetsedwa, maboma nagwirizana zofuna omanga ena.

Okonza damu anena kuti m'cilimwe madzi a m'nyanjayo azidzatsitsidwa, kuti marapidi oyamba, a pafupi ndi ulalo, atsale poyera. Zikatero, ulendo wa theka la tsiku ungapulumuke. Koma mu Januwale mvula ya ku Mwinilunga ndi ku Angola imayamba kufika, mwala wa Devil's Pool umamira, dziwe nkutsekedwa, ndipo Boiling Pot imakhala yoopsa kuyambirapo ulendo. Pa miyezi imeneyo amtengatenga amasenza mabwato kukawatsitsira kumunsi, kupyola rapidi la khumi, ndipo alendo amadutsa The Mother, la nambala 13, ndi Oblivion, la nambala 18, limene limagubuduza mabwato ambiri. Amenewo ndiwo marapidi amene madzi a damu adzayambira kumiza.