Masitepe usawasiyire malo otsala

Wokondedwa mphwanga,

Kuno mvula yakata ndipo tayamba kukolola. Pulani ya nyumba yako ya ku Nkhorongo, ku Mzuzu, ndaiona. Pabalaza ndi potakasuka, zipinda za m'mwamba zakhala bwino, koma masitepe wojambula wawapanikiza pakona, pakati pa khitchini ndi bafa, pamalo a mamita 3 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pamenepo pokha ndi pamene pandilembetsa kalatayi, silabu musanathire.

Tenga tepi tiwerengere limodzi. Pulaniyo ikuti kuchokera pansi mpaka pamwamba pa silabu pali masentimita 280. Sitepe yokwera bwino isapitirire masentimita 18 kutalika kwake. Ukagawa 280 ndi 16 upeza 17.5, ndiye kuti masitepe ako ndi 16. Popondapo pafunika masentimita 28 kuti phazi la munthu wamkulu likhale lonse, nsapato ili kuphazi. Malo opondapo amakhala 15, poti sitepe yomaliza ndi silabu yomweyo, ndipo 15 kuchulukitsa ndi 28 ndi masentimita 420. Waona? Mamita 4.2 sangalowe m'mamita 3. Mmisiri sadzakuuza kuti sizikukwana. Adzangochepetsa popondapo mpaka 20, ndipo potsika mudzakhala mukuyenda chammbali ngati nkhanu, zala zili panja.

Pali kawerengedwe kakale kamene anakhazikitsa mmisiri wa ku France, François Blondel, m'zaka za m'ma 1670, ndipo mainjiniya amakagwiritsabe ntchito. Kutalika kwa sitepe ukuchulukitse kawiri, uphatikize ndi popondapo, yankho ligwe pakati pa 60 ndi 65, umene ndi mtunda wa phazi limodzi la munthu woyenda mosathamanga. Zathuzi zikupereka 63.

Nanga malo uwapeza kuti? Akhotetse masitepewo. Asanu ndi atatu akwere, pakhale popumulira pa mita imodzi, ena asanu ndi atatu abwerere chakumbuyo. M'litali mamita 3 aja akwana, koma m'lifupi pafunika mamita awiri ndi kanthu. Mita yowonjezerayo uilande pabalaza. Ndikudziwa mayi a ana adzanyinyirika, koma uwafunse kuti bedi ndi wadirobu zidzakwera bwanji, nanga wodwala usiku mudzamutsitsa bwanji anthu awiri mutamunyamula. Kusinthaku ukakuonetse ku khonsolo ya mzinda imene inavomereza pulaniyo, ndipo za zitsulo ndi kukhuthala kwa konkire anene injiniya, osati mmisiri ndi maso ake. Bowo la pasilabu likhale lalikulu ndithu, kuti woimirira pa sitepe iliyonse akhale ndi mamita awiri pamwamba pake osagunda mutu.

Chimene chimagwetsa anthu kwambiri ndi sitepe imodzi yosiyana ndi zinzake. Mwendo ukakwera zitatu umaloweza muyezo, maso sayang'ananso pansi, ndiye ikapezeka ina yoposa ndi sentimita imodzi yokha, chala chimakodwa. Vutoli limabadwa pomaliza nyumba. Amathira masitepe ofanana bwinobwino, kenako pansi ndi m'mwamba amaikapo fulo ndi matailosi okwana masentimita 5, sitepe yoyamba n'kusanduka yaifupi, yomaliza m'mwamba n'kutalika. Choncho muyambe mwagwirizana chimene mudzayale pansi, pamasitepe ndi m'mwamba. Upeze thabwa lowongoka, ulembepo mizere 16 yotalikirana mofanana, uliimike pakhoma, ndipo thabwa lililonse la bokosi lothiramo konkire likhomedwe motsata mzere wake. Tsiku lokhoma ukakhalepo wekha, ngakhale kuntchito upemphe. Akathira, konkire azimuthirira madzi sabata yathunthu, mitengo yochirikiza ikhale masabata atatu. Amisiri amafulumira kuichotsa chifukwa matabwa a ku Chikangawa aja amawafuna pa ntchito ina.

Matailosi onyezimira uwasiye kusitolo. Mzuzu ndimaudziwa, mvula imafika mpaka Epulo, mu Juni mawawa osatha, ndipo ana amalowa ndi matope ofiira kumapazi. Gula okhakhala, kapena ungosiya simenti yosasalaza kwambiri. Masitepe a panja otsikira kumsewu uwapendeketse pang'ono kuti madzi asamaime, apo ayi ndere zidzamera.

Chogwirira chikhale masentimita 90 kuchokera pa mlomo wa sitepe, ndipo chiyambire pansi mpaka m'mwamba osadukiza. Mayi ako mawondo aja sakuwalola, adzadalira chimenecho. Wowotcherera umuuze kuti mipata ya zitsulo isafike masentimita 10, mutu wa mwana usalowe, ndipo zitsulozo ziime chilili. Zopingasa zimaoneka bwino pachithunzi, koma kamdzukulu kanga kaja kadzazitenga ngati makwerero. Babu la pamasitepe likhale ndi maswitchi awiri, ina pansi ina m'mwamba, ndi kawindo pa popumulira paja. Kanyale ka sola ukaikenso pomwepo, poti magetsi amathima munthu ali pakati pa ulendo.

Wojambula akakonza unditumizire ndionenso musanagule zitsulo. Ndikatha kukolola ndibwera, undiuze tsiku lokhoma bokosi. Upereke moni kwa mayi a ana ndi adzukulu onse.

Ndine malume ako.