Ndalama za rekoda zinapita ku nyenyezi

Ndalama zija zinali za rekoda. Tivomereretu pano, cifukwa anzathu a ku wailesi sanaleke kutiseka nazo mpaka lero. Tili atatu amene timayendetsa pulogalamu ya acinyamata pa Ciweru masana, tonse odzipereka cabe, opanda malipiro. Kwa miyezi isanu ndi umodzi tinali kuponya kangacepe m'kacitini kuti tigule rekoda yabwino yojambulira mau a anthu m'misika ndi m'makomboni. Zitafika pa K1,800, mmodzi wa ife anabwera ku situdiyo ndi cithunzi pa foni: bokosi lalitali lamatabwa, mkati muli cinthu coyera cooneka ngati paipi ya madzi. Amai ena a ku Chilenje anali kugulitsa katundu wa malemu amuna ao asanasamukire kwa mwana wao ku Petauke.

Tinagwirizana kuti tingopita kukaona cabe. Aliyense amene analowapo pa salaula ali ndi ndalama m'thumba adziwa kumene mau amenewo amathera.

Bokosi linali pansi pa bedi, ndipo litatsegulidwa munatuluka fungo la matabwa akale ndi girizi. Pa kacitsulo kena panalembedwa Tasco, D=60mm, F=900mm, ndi liu lakuti Japan. Munali miyendo itatu yamatabwa, mutu wacitsulo wolemera, ndi timagalasi titatu toika kumene diso limasuzumira, timene eni ake amati eyepiece. Amai aja anatiuza kuti amuna ao anali aphunzitsi, ndipo anapatsidwa telesikopuyo ndi mphunzitsi mnzao wocokera kunja pamene anali kubwerera kwao m'zaka za m'ma 1970.

"Ana anga, mudziwa kusewenzetsa cinthu ici?"

"Tidzaphunzira, amai."

"Atate ao a ana anali kucitulutsa mu June, mphepo yonse ija. Ine nchito yanga inali kuwapangira tiyi."

Kenako anakumbuka kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene Lusaka inada masana kwa mphindi zitatu ndi pang'ono. Ife nthawi imeneyo tinali ku pulaimale, tikulimbirana timagalasi tamapepala. Iwo anati aphunzitsi aja sanalole mwana aliyense kuika diso pa telesikopu tsiku limenelo. Anagwira pepala loyera kumbuyo kwa eyepiece, cithunzi ca dzuwa cinagwera papepalapo, ndipo ana a mseu wonse anaona dzuwa likudyedwa pang'onopang'ono popanda wopweteka maso. Atamaliza kufotokoza, panalibenso wa ife amene anachula rekoda. Tinalipira, tinakwera nalo minibasi bokosi lija, kondakita akutilipiritsa mpando wake.

Phunziro loyamba linali lakuti telesikopu yakale imagulidwa uli ndi tochi m'manja, ndipo ife tinalibe. Titaunika lenzi yaikulu kunyumba, tinaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Cinali cuku. Cinyezi ca m'mainza cikalowa m'bokosi lotseka, cuku cimamera pagalasi, ndipo cikakhalitsa cimadya utoto wopyapyala wa pamwamba pake osacokanso. Lenzi ya mtundu umenewu ndi magalasi awiri osiyana, olekanitsidwa ndi tizidutswa titatu ta nsimbi yopyapyala ngati ya m'paketi ya fodya. Usanawacotse, ulembe kamzere ndi pensulo m'mbali mwake, cifukwa ukabwezera limodzi cagada, zonse zimaoneka ngati uli m'madzi. Tinawatsuka pa tebulo la mu situdiyo ndi thonje ndi sipiriti wa ku kemisiti, mmodzi akugwira, wina akuunika, wacitatu akungoti "pole pole" ngati ndiye mwini. Cuku cinacoka pafupifupi conse. Kadontho kamodzi kanatsala m'mphepete, ndipo sikasokoneza kanthu.

Manambala aja nao tinawamvetsa mocedwa. 60 ndi kukula kwa lenzi m'mamilimita, ndipo ndiye amanena kuculuka kwa kuwala kumene telesikopu imasonkhanitsa. 900 umaigawa ndi nambala ya pa eyepiece kuti udziwe kuti cinthu cikula kangati. Ya 20 imapereka 45, ya 9 imapereka 100, ya 4 imapereka 225, koma pa 225 umangoona cimtambo conjenjemera, cifukwa lenzi ya mamilimita 60 imalekezera pafupifupi pa 120. Conco mukaona katoni yatsopano yolembedwa 525x, yokhala ndi zithunzi zokongola za mitundumitundu, pitirirani. Tikunena izi cifukwa ife sitinapitirire. Tinagula imodzi yotero kwa munthu wina pa Facebook, galasi lake lapulasitiki, miyendo yake yogwedezeka ngakhale mphaka adutse. Tsopano imagwira citseko ca situdiyo kuti cisamenyeke ndi mphepo.

Kampani ya Tasco inali ya ku America, koma sinali kupanga yokha magalasi. Inali kuitanitsa ku mafakitale a ku Japan, ndipo zambiri za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zinapangidwa mosamala: citsulo ceniceni, galasi lenileni. N'cifukwa cake yakale ya zaka 50 imaposa yatsopano yochipa. Koma inapangidwira anthu a kumpoto kwa dziko. Kabuku kake kamati ulozetse mutu wacitsulo ku nyenyezi ya Polaris, pamene kuno ku Lusaka, madigiri 15 kumwera kwa equator, Polaris siituluka n'komwe. Tinataya mausiku atatu tikufunafuna nyenyezi imene ili pansi pa nthaka. Cofunika kuno ndi kulozetsa kumwera, n'kukweza madigiri 15. Kumwerako kulibe nyenyezi yowala yotsogolera, ndiye timasewenzetsa nyenyezi zinai zopanga mtanda, Southern Cross: utalikitse mzere wake wautali kanai ndi theka, pamenepo ndiye pakati pamene thambo lonse limazungulira. Ukakhoza zimenezi, umangopotoza kakonono kamodzi ndipo pulaneti imakhalabe m'diso. Ukalephera, pa 100 imathawa m'mphindi imodzi kapena ziwiri.

Zonsezi zinacitika mu 2024, caka ca cilala, madzi atacepa ku Kariba, pamene masiku ena malaiti anali kubwera maola atatu cabe. Sitiyamikira mdima uja. Tinaona anzathu a masaluni ndi owocherera zitsulo akutseka, ndipo wailesi yathu inali kuzima pakati pa pulogalamu. Koma tinganame tikati sitinaone kanthu. Mlalang'amba unaoneka pamwamba pa Mtendere ngati mmene timauonera kumudzi. Tinalozetsa telesikopu ku Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa ziwiri zimene zimaloza mtanda uja, ndipo nyenyezi imene maso amati ndi imodzi inagawanika kukhala ziwiri, zoyandikana ngati malaiti a galimoto yakutali. Kuwala kwake kumayenda zaka zinai ndi miyezi ingapo kuti kutifike. Mu September tinapeza Saturn, mphete zake zitaonda ngati singano yolasa mkanda, cifukwa zinali kupendekera m'mbali kufikira March 2025. Mmodzi wa ife anayang'ana kutsogolo kwa lenzi kuti aone ngati wina anamatapo cithunzi.

Mvula itayamba tinali kuba mipata pakati pa mitambo. Jupiter anaoneka ndi timiyezi take tinai pamzere, tomwe Galileo anaona mu January 1610 ndi telesikopu yocepa mphamvu kuposa yathu. Ndipo nyenyezi yowala ya kumadzulo inaoneka ngati mwezi wodulidwa pakati. Akale anali kunena kuti mwezi uli ndi akazi awiri: Puikani wa kumadzulo amene amaudyetsa bwino mpaka unenepe, ndi Cekecani wa kum'mawa amene amaumana mpaka uwonde. Titanena pa wailesi kuti akazi awiriwo ndi pulaneti imodzi, Venus, agogo ena anatuma foni n'kuti, "Ndiye kuti mwamunayo ananamizidwa zaka zonsezi." Pulogalamu inaima kaye ndi kuseka.

Apa ndiye matenda anatigwira. Telesikopu imodzi imaitana inzake. Tinayamba kufunsa aliyense amene agogo ake anasewenzapo ku migodi kapena kuphunzitsa ku sekondale ngati kuli bokosi lalitali m'nyumba. Tinapeza TAL-1 ya ku Novosibirsk, ya kalilole wa mamilimita 110, kwa atate ena amene anaphunzira ku Russia. Yolemera ngati thumba la unga, ndipo kalilole wake ali ndi mawanga cifukwa aluminiyamu wake anayamba kusupuka. Kuupakanso kumafuna makina ocotsa mpweya, si nchito ya pa Soweto Market. Tinaigulabe. Usiku, m'malo moyang'ana kumwamba, tinayamba kuyang'ana pa foni: Celestron C8 ya mtundu wa lalanje imene inatuluka mu 1970, Telementor ya mamilimita 63 imene Zeiss ya ku Jena inapangira masukulu a ku East Germany. Tinaphunzira cinenero ca osonkhanitsa a kunja, amene amakangana za zomangira zoyambirira, penti yoyambirira, ndi ngati bokosi likali ndi kiyi wake.

Ndipo tinasintha osadziwa. Mwana wa aneba atagwetsa eyepiece m'fumbi n'kukanda penti ya paipi ndi cipi ya jekete yake, mmodzi wa ife anamukalipira mpaka mwanayo analira. Kucokera tsiku limenelo Tasco inayamba kugona m'bokosi. Tinali kuitulutsa masana, kuipukuta, kuijambula, kuibwezera. Kuyambira April mpaka August 2025, miyezi ya thambo loyera koposa, sinaone nyenyezi ngakhale imodzi. Amai a ku Chilenje anaisunga pansi pa bedi cifukwa mwini wake anamwalira. Ife tinali amoyo, ndipo tinacita cimodzimodzi.

Zithunzi zija ndizo zinabweretsa uthenga wocokera ku Johannesburg. Munthu wina wosonkhanitsa matelesikopu a ku Japan anaifuna, ndipo mtengo umene anachula unali wokwana rekoda ndi cenji. Tinakangana zenizeni. Mmodzi anati pulogalamu ndiyo nchito yathu, ndipo mau ojambulidwa pa foni amamveka ngati munthu ali m'mgolo. Anali kunena zoona. Wina anati tikagulitsa, idzakaikidwa m'kabati yagalasi pamodzi ndi zinzake khumi. Woyamba uja anafunsa kuti kabati yagalasi isiyana pati ndi bokosi lathu. Panalibe woyankha.

Wogulayo anatumanso funso: kodi zonse zilimo, kuphatikizapo kagalasi kakuda kolembedwa SUN? Kagalasi kameneko timakadziwa. Kamamangidwa pa eyepiece, pamalo pomwe kutentha konse kwa dzuwa kumasonkhana, ndipo kangathe kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Munthu angacite khungu nthawi yomweyo. Mukakapeza m'bokosi lakale, musakayese ngakhale kamodzi. Ife tinakaphwanya ndi mwala sabata yoyamba n'kukataya m'cimbudzi, cifukwa pakhomo pathu ana ndi ambiri. Titamuuza, anati n'zacisoni, seti si yathunthu tsopano, ndipo anatsitsa mtengo. Sitimuimba mlandu, iye amasunga mbiri ya cinthu, ndipo mbiri imafuna zonse. Koma tinawerenga uthengawo kangapo, ndipo tinaona kuti cimene cinacepetsa mtengo wake kwa iye ndico cokha canzeru cimene tinacita ndi telesikopuyo caka conse.

Pa Sondo, 7 September 2025, kunali kadamsana wa mwezi. Tinalengeza pa wailesi dzulo lake kuti tidzakhala pa bwalo la mpira, aliyense abwere. Tinanyamula zonse ziwiri, Tasco paphewa, TAL-1 pa wilibala. Mwezi unatuluka kuseri kwa utsi wa lupsa, unayamba kudyedwa, ndipo ca m'ma 19:30 unafiira wonse kwa nthawi yoposa ola. Mzere unafika ku magolo. Panali ana, amai ogulitsa vitumbuwa, anyamata ocokera ku bala amene anabwera kudzaseka koma anakhala cete atasuzumira. Aliyense anagwira paipi ngakhale tinali kucenjeza, ndipo miyendo inakankhidwa kambirimbiri moti tinaleka kuwerenga. Mwana wa aneba uja anaima patali, manja m'thumba. Amene anamukalipira ndiye anapita kukamutenga, n'kumuonetsa kakonono kotsatira mwezi, ndipo usiku wonse nchito imeneyo inakhala yake.

M'mawa tinapeza zala za mafuta pa paipi yonse, mkwaso watsopano pafupi ndi dzina la Tasco, ndi kakonono kamodzi ka mwendo katasowa. Tinamanga ndi waya. Tinalembera wa ku Johannesburg kuti zikomo, koma sitigulitsa. Kenako tinatumira foni amai aja ku Petauke kuwauza kuti anthu anali ambiri. Anafunsa ngati panali wina wopanga tiyi. Tinati iyai, amai, tinaiwala. Anati nthawi ina tisadzaiwale, usiku wa panja umazizira.

Kacitini ka rekoda tinakayambanso. Pano muli K340.