Ng'ombe yanga sinalodzedwe ayi

Abale anga a kuno ku Milonde, ndi inu a ku Limbe amene mumandifunsa pa foni kuti kodi ng'ombe ija munagulitsa? Lero ndiyankhe nonse pamodzi, ngakhale nkhani yake ndi yochititsa manyazi kwa ine.

Mwayi, ng'ombe yanga ya mkaka, inabereka chaka chatha mu June, chiperoni chili tsaa. Mwana anatuluka bwinobwino, koma nsengwa, zija ena amati zotsalira, inakanirira. Tsiku lonse ili lende kumbuyoko. Ine ndi nzeru zanga ndinamangirira kamwala kuti izitsika. Zitakanika ndinapisa dzanja, osasamba ndi sopo komwe, n'kukoka. Inaduka. Ndinati basi zatha, osadziwa kuti ina yatsala m'kati.

Patatha masiku anayi m'khola munayamba fungo loti ntchentche ng'waa. Ng'ombe osadya, mkaka kutsika kuchoka pa malita 12 kufika pa 5. Kenaka inayambanso kudya, ine mtima pansi.

Paja ng'ombe ikapanda kutenga bere imabwerera pa nyere pakatha masiku 21. Katatu konse ndinaitana wodzaika umuna, katatu ndalama kutuluka, bere osagwira. Pa mchira ndinkaona zoyera zitakakamira, ine n'kumati ndi za nyere.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwambiri. Ndinayamba kuganizira alamu anga amene tinakanganapo malire a munda. Miyezi inayi moni sitinapatsane. Mayi a kunyumba ankangoti, "Bambo, itanani alangizi kaye," ine osamva. Mpaka ndinaitana wogula nyama wa ku Limbuli, ananena mtengo woti misozi inalengeza.

Amene anaitana alangizi a ziweto ndi mayiwo, mondibisira. Atafika anavala pulasitiki yofika paphewa, napisa dzanja kotulukira ndowe n'kugwiragwira chiberekero. Anati, "Bambo, muno muli mafinya. Nsengwa inaolera m'kati, tizilombo tinalowa. Chimanga chingamere m'chithaphwi?" Anati ng'ombe yotere imaoneka yathanzi, nyere imachita, koma bere silingakhazikike. Anandiuzanso kuti ngakhale mahatchi aakazi a anthu olemera kunjaku amadwala chimodzimodzi, ndipo amawatsuka chiberekero n'kuwapatsa mankhwala opha tizilombo.

Anathira mankhwala m'chiberekero ndi kachubu kakatali, n'kubaya jakisoni wothandiza kuti zoipazo zituluke. Anandiletsa kumwa kapena kupita nawo mkaka ku bulking mpaka masiku a mankhwala atatha. Kutaya mkaka kumawawa abale, koma ndinamvera. Nyere yoyamba anati tiilumphe kuti m'kati mupole. Yachiwiri tinaika umuna. Patatha miyezi itatu anadzapimanso, anati bere lilimo. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, ndiye tikuwerenga masiku.

Zimene ndaphunzira ndi izi. Nsengwa ikapitirira tsiku osatuluka, musakoke, musamangirire mwala, itanani alangizi. M'khola moberekera mukhale mouma. Mukaona mafinya pa mchira kapena fungo, musadikire ng'ombe ilephere katatu ngati ine. Ndipo ikachotsa bere, zotulukazo musagwire ndi manja opanda kanthu, kwirirani mozama, chifukwa pali matenda ena ochotsa bere amene amagwiranso munthu. Mkaka tiziwiritsa.

Kwa alamu ndinapita Lamlungu lapitali, nditanyamula botolo la mkaka. Mawu anandithawa pakhomo. Ndinangoti, "Alamu, ndinakuganizirani zoipa, pomwe wolodza ng'ombe ndinali ine ndi dzanja langali." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza mwana ayale mkeka.

Ndiye inu a m'tauni, Mwayi sindinagulitse. Mukabwera pa Khirisimasi mudzamwa tiyi wa mkaka. Shuga yekha mudzatenge konko.