Noti yachisanu ndi chimodzi

Mwezi wa Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa ku Pretoria, ndipo misewu ya ku Sunnyside imaoneka ngati wina wayalapo chitenje. Kwathu ku Balaka mwezi womwewo ndi wa fumbi, wa kusosa ndi kugalauza, komanso wa mafoni a amayi oyamba ndi moni wautali. Moni ukatalika ndimadziwa kuti nkhani ndi ya feteleza. Mu Okutobala wa 2023 ndinali nditasunga R7,500 ya matumba awo. Ndalamayo sindinatumize. Ndinagulira sinthesaiza yodwala.

Ndinaipeza mu shopu ya pinyolo mumsewu wa Robert Sobukwe, umene akuluakulu amautchabe Esselen. Inali itatsamira khoma pakati pa firiji ndi njinga ya mwana, dzina lake likuwerengeka bwinobwino pansi pa fumbi: Roland Juno-106. Wogulitsa anati inachokera ku tchalitchi china cha ku Mamelodi, komwe anatopa nayo chifukwa imadumpha. Ataiyatsa ndinayamba kudina makiyi mmodzimmodzi. Asanu analira, wachisanu ndi chimodzi anangoti zii. Asanu enanso analira, wotsatira zii. Ndinalipira osanenerera n'komwe.

Bambo anga ankaimba kiyibodi m'kwaya ya tchalitchi chathu. Ku Balaka zimenezo sizinali zachilendo. Ndi kwawo kwa Alleluya Band, kwa Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, ndipo mwana aliyense wa m'zaka za m'ma 1990 anakula akumva kiyibodi ikutsogolera nyimbo. Ya bambo inali Casio yaing'ono yoyendera batire ya galimoto. Madzulo ankaika kaseti ya Brenda Fassie kapena ya Yvonne Chaka Chaka, imene malume anabwera nayo kuchokera ku Joni, n'kumayesa kutsanzira mawu onenepa, ofunda, amene ankamveka kumbuyo kwa woimba. Sankawapeza. "Kaja kali ndi mafuta," ankatero, "kangaka n'kouma." Atadwala, Casio ija inagulitsidwa kuti tipeze ya thiransipoti yopitira kuchipatala ku Zomba. Sanabwerere ali moyo. Ndiye pamene ndinamva mafuta aja mu shopu ya pinyolo, mutu sunagwirenso ntchito.

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho usiku woyamba ndinavutika ndi dzina. M'Chichewa timangoti kiyibodi, koma dzinali limabisa kusiyana kwakukulu. Makiyibodi ambiri a masiku ano ali ngati kaseti: mkati mwake munasungidwa mawu a piyano, a lipenga, a gitala, ndipo ukadina amangokubwezera. Sinthesaiza ya analogi ilibe mawu ojambulidwa. Mawu imawapanga nthawi yomweyo kuchokera ku magetsi. Muli kachipangizo kamene kamanjenjemeretsa magetsi; akanjenjemera maulendo 440 pa sekondi, khutu limamva noti ya A. Mawu otuluka pamenepo amakhala okhakhala ngati mgaiwa wa m'chigayo chotha. Kenako amadutsa pa sefa. Akatswiri amaitchadi choncho, ndipo ntchito yake ndi yomwe ija ya sefa ya amayi: kuchotsa zokhakhala, kusiya zosalala. Ukaitsegula mawu amawala, ukaitseka amachita mdima. Chotsiriza ndi chimene chimalamula kabadwe ndi kafedwe ka mawuwo: kaya aphulike n'kuzima msanga ngati ng'oma ya mbalule, kaya afike pang'onopang'ono n'kukhalitsa ngati chitoliro. Zonsezi zili panja, pa timabatani totsetsereka, moti chala chako ndicho chimaphika.

Zida zoterezi zinafika m'manja mwa oimba wamba kampani ya Robert Moog itatulutsa Minimoog mu 1970. Korg inabwera ndi MS-20 mu 1978, Roland ndi Juno-60 mu 1982, kenako Juno-106 mu 1984. Koma mu 1983 Yamaha inali itatulutsa DX7, yopanga mawu ndi masamu a dijito, ndipo oimba anathamangira kumeneko. Za analogi zinasanduka zotsalira, zogulitsidwa motchipa. Amene anazitola anali achinyamata a ku Chicago ndi Detroit, ndipo anapangira house ndi techno. Lero zinthu zatembenuka. Zakale zija zikufunidwa ndi anthu a ndalama, mitengo yakwera, ndipo makampani ayambanso kupanga zatsopano: Korg inabweza MS-20 yochepetsedwa mu 2013 n'kutulutsa Minilogue mu 2016, pamene Behringer ikupanga zofanana ndi zakale pamtengo wotsika. Ndikanafuna chida choimbira basi, ndikanagula chatsopano, chokhala ndi chitsimikizo, n'kutsala ndi ya thumba limodzi kapena awiri. Ine sindinkafuna chida.

Matenda a Juno-106 ndi odziwika. Imatha kuimba manoti asanu ndi limodzi nthawi imodzi, ndipo noti iliyonse ili ndi kachipangizo kake ka sefa, kotchedwa 80017A, kokutidwa ndi phula lakuda lolimba. Zaka zikapita phulalo limayamba kusokoneza magetsi, kachipangizo n'kufa. Popeza makinawa amagawa manoti mosinthanasinthana, ngati mayi wogawira ana ndiwo, mbale ya mwana mmodzi imabwera yopanda kanthu nthawi iliyonse ikafika.

Ndinainyamula pa takisi mpaka ku Marabastad, kwa bambo wina wa ku Mangochi amene amakonza mafoni ndi ma TV m'kachipinda kongokwana anthu awiri. Sinthesaiza anali asanaitsegulepo. Tinaonera limodzi kanema wa pa YouTube, iwo akugwedeza mutu.

"Achemwali, ndiye kuti tikaviike m'mankhwala ochotsera kyutekisi?"

"Eya, achimwene. Akuti masiku angapo, phula lifewe, kenako musende bwinobwino."

"Kakafa musandidandaule. Mwati munagula zingati?"

Nditawauza anandiyang'ana kwa kanthawi. "Kumudzi akudziwa?"

Sindinayankhe, ndipo sanafunsenso. Ntchito inatenga milungu itatu. Chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndiye chowotcherera nthambo chinkazizira ntchito ili pakati. M'milungu imeneyo amayi anaimba kawiri. Ndinati kasitomala wachedwa kundilipira. Bodzalo linatuluka mosavuta moti ndinadziopa.

Tsiku lokaitenga ndinapeza m'kachipinda muja muli mnyamata wa ku Atteridgeville amene anabweretsa laputopu yosweka galasi. Ataona Juno anaseka, n'kundiuza m'chilankhulo chawo cha m'misewu ya Pretoria, chosakaniza Chisutu ndi Chitswana, kuti, "Ausi, zonsezi ndili nazo muno." Sankanama. Mzinda uno uli ndi nyimbo zakezake za makina, ndipo sizinadikire zida zodula. Bacardi inabadwira m'makomboni ano, pa makompyuta a m'zipinda zogona. "Township Funk" ya DJ Mujava wa ku Atteridgeville komweko inafika mpaka ku Britain, komwe Warp Records inaitulutsa mu 2008, ndipo dzina la malemu DJ Spoko silisowa nkhaniyi ikamakambidwa. Kugunda kuja kwa amapiano kumene kumagwedeza magalasi a takisi, kotchedwa log drum, kumachokera m'kapulogalamu ka Fruity DX10 ka mu FL Studio. Si analogi, si kakale, ndipo dziko lonse likuvina.

Komabe amisiri atayatsa Juno, mnyamata uja anasiya kuseka. Anadina makiyi asanu ndi mmodzi, onse analira. Anagwira ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumatsetsereza sefa pang'onopang'ono, mawu akutseguka ngati chitseko cha nkhokwe. Zimene anaimba sizinali za Brenda, sizinali za ku Balaka. Zinali zakezake, zodumphadumpha, za m'takisi ya ku Pheli. Ndinaima pamenepo ndikumva chida changa chikulankhula chilankhulo cha munthu wina, ndipo ndinazindikira chimene ndinkayenera kudziwa kale, popeza ndinali nditachifotokoza ndekha usiku woyamba uja: m'bokosili simunasungidwe kanthu. Bambo anga munalibe. Munali nthambo, ndipo nthambo zimayankha amene wazigwira.

Usiku umenewo ndinaimbira amayi n'kuwauza zoona. Anakhala chete nthawi yaitali, ine ndikumva nkhuku zikukwera m'khola.

"Ndiye chimene wagulacho chikulira?"

"Chikulira, amayi."

"Taimba ndimve."

Ndinaika foni pafupi ndi sipika n'kuimba nyimbo ya pa chopereka imene bambo ankaikonda. Zala zanga n'zolembera, si zoimbira, ndiye ndinaphonya pakati. Amayi anaseka kuseka kwenikweni, kumene ndinali ndisanakumve kwa zaka.

"Nawonso bambo ako ankapunthwa pomwepo," anatero. Kenako mawu anasintha. "Koma mwanangu, nyimbo sathira m'munda. Ukanangonena, ndikanadziwa pogwira. Bodza lija ndilo landiwawa."

Ndinalandira ntchito yomasulira timapepala ta inshuwalansi ya maliro, usiku ndi usiku, ndipo ndalama ndinatumiza kumayambiriro kwa Disembala. Pamenepo n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala ndipo mitengo itakwera. Feteleza wokulitsa anachedwa, wobereketsa anachepa. Chaka chimenecho mvula inadulanso pakati, ndiye sindingathe kuwerenga kuti matumba angati anadyedwa ndi ng'amba, angati anadyedwa ndi ine. Amayi sanawerengetserepo. Ine ndimawerengetsera.

Amisiri a ku Marabastad amati ndiigulitse, popeza yokonzedwa ingabweze ndalama zija n'kupitirira. Mwina tsiku lina ndidzatero. Pakali pano ili pa tebulo lomwe ndimamasulirapo, yofunditsidwa chitenje. Loweruka lililonse mnyamata wa ku Atteridgeville amabwera ndi laputopu yake, n'kujambula mawu ake, n'kusiya R150 pansi pa kapu. Ndalama imeneyo ndimaiika mu envelopu imene ndinalembapo kuti Okutobala. Akapita ndimakhala pansi n'kuyeserera malo aja opunthwitsa. Pano ndimadutsapo katatu pa maulendo asanu.