Babatoni pa msewu wa ku Dedza

Minibasi itangowoloka mlatho wa Diamphwe, dalaivala anazimitsa amapiano amene tinanyamuka nawo ku Lilongwe n'kuika nyimbo zina. Kunamveka gitala wothamanga, ng'oma yosapumira, ndi chingwe chimodzi cholira mobangula.

"Achimwene, amenewa ndi a ku Angonia?" anafunsa mayi wina amene anakhala pafupi nane.

"Ayi mayi, ndi athu omwe, a ku Lilongwe," anayankha dalaivala.

Anali a Madalitso Band, chimbale chawo cha Musakayike cha mu 2022. Ndi anthu awiri okha. Yobu Maligwa amaimba babatoni, chida chopanga yekha cha chingwe chimodzi, ndipo ndiye amatsogolera mawu. Yosefe Kalekeni amakhwatcha gitala wa zingwe zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Palibe kiyibodi, palibe kompyuta yobisa zolakwika. Pofika pa Chimbiya, mayi uja anali akugwedeza mapewa, kondakitala akuwerengera chenje motsatira ng'oma.

Awiriwa anayamba n'kuimba m'misewu ya ku Lilongwe, anthu akuwaponyera makobidi. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kenako kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa Wasalala mu 2019. Ku Ulaya amavinitsa makamu, koma m'minibasi yathu amene ankawadziwa anali dalaivala yekha.

Tinalowa m'tauni ya Dedza nkhungu itaphimba phiri, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinagula kachewere wokazinga pa chiwaya, n'kupeza kabaza wa njinga yamoto wopita ku Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zina mwa izo za chinamwali cha atsikana a Chichewa. UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, komabe ambirife timangodutsa pa msewu wa M1 osapatuka. Khalidwe lathu ndi lomwelo: chathu timachiyamikira alendo akayamba achiwombera m'manja.

Nyimbo za Musakayike sizifuna chilolezo cha Geneva kuti zikome. Zinaphukira pamsika, ndipo zimakoma kwambiri zikamapikisana ndi phokoso la injini. Mukakwera minibasi yopita ku Dedza, uzani dalaivala aike Madalitso. Akati alibe, mutumizireni mwana akagule chimbalecho.