Maulendo Awiri pa Msewu wa Jenda

Ntchito yanga ndi yokonza galimoto. Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma zaka zambiri za umakanika wanga ndazithera m'boma la Mzimba, poyamba pa boma penipeni, kenaka pa Jenda, pamene msewu wa M1 umadutsa kuchokera ku Kasungu kulowera ku Chikangawa ndi Mzuzu. Munthu wokhala m'mbali mwa msewu umenewu amaona mitundu yambiri ya apaulendo, koma iwiri ndi imene yakhala ikundiganizitsa.

Mtundu woyamba ndi wa alendo odula Africa pa galimoto mwa kufuna kwawo. Mumawadziwira patali: Land Rover kapena Land Cruiser yomatidwa zomata thupi lonse, hema pamwamba, zigubu za mafuta kumbuyo. Amaima pa Jenda kugula tomato ndi anyezi, kuphunzira kunena kuti "monire" ndi "yewo", n'kumapitirira. Paja mlendo ndi mame. Ena a iwo amayenda okha, ena m'magulu. Inu a kunyanja mwina mudaonapo a Put Foot Rally, ulendo umene udayamba mu 2011 ku South Africa ndipo wakhala ukufika ku nyanja yathu, eni ake akugawa nsapato kwa ana a sukulu m'njira.

Kholo la mipikisano yotere ndi Paris-Dakar, umene Thierry Sabine adauyambitsa mu December 1978. Mu 1992 mpikisanowu udatalikitsidwa kuchokera ku Paris mpaka ku Cape Town, mtunda woposa makilomita 12,000, kudzera ku Libya, Niger, Chad, Angola ndi Namibia. Adapambana ndi Hubert Auriol pa Mitsubishi Pajero. Sudali masewera a ana: Sabine mwini wake adafa pa ngozi ya helikopita ku Mali mu 1986, ndipo mu 2006 galimoto za mpikisanowu zidapha ana awiri, wina ku Guinea, wina ku Senegal. Wa mu 2008 udalephereka chifukwa cha mantha a zauchifwamba ku Mauritania; udasamukira ku South America mu 2009, ndipo kuyambira 2020 umachitikira ku Saudi Arabia.

Chimene chimandichititsa chidwi ine ngati makanika ndi kukonzekera kwa anthuwa. Ndikatsegula galimoto zawo ndimapeza matayala apadera awiri, jeke yolimba, fanibeluti yatsopano, zosefera mafuta, madzi akumwa a masiku angapo ndi bokosi la mankhwala. M'chikwama muli pasipoti, chikalata cholowetsera galimoto m'dziko la eni ndi inshuwalansi. Amasinthana pa chiwongolero, ndipo ambiri dzuwa likalowa sayenda, poopa ng'ombe, ngolo ndi malole oima opanda nyali. Madzulo alionse abale awo amadziwa pamene agona.

Mtundu wachiwiri ndi wa ana athu opita ku Joni. Mzimba ndi Mangochi ndi maboma otalikirana, osiyana chilankhulo ndi miyambo, koma pa nkhani iyi ndi pachibale. Agogo a kuno adayenda wapansi kukafuna ntchito ku Harare ndi ku migodi. Ena adatengedwa ndi Wenela mpaka pamene ndege idagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda n'kuletsa kulemba anthu. Amene sadabwerere tidawatcha matchona. Lero adzukulu awo akuyenda njira yomweyo pa mabasi ndi pa galimoto za amene timawatcha matransipota.

Kuchoka pa boma la Mzimba kukafika ku Johannesburg ndi mtunda woposa makilomita 2,000. Mudutsa Jenda, Kasungu ndi Lilongwe, mutuluke pa Dedza kapena pa Mwanza, muwoloke Zambezi ku Tete kumene kutentha kumawiritsa madzi m'rediyeta, mulowe Zimbabwe pa Nyamapanda, mudutse Harare, mukaime pa mzere wa ku Beitbridge, kenaka Musina. Ameneyu ndi ulendo wa maiko anayi, ndipo dalaivala nthawi zambiri amakhala mmodzi, wothamangira kukabweza ulendo wina.

Galimoto zimenezi nazonso zimafika m'manja mwanga, makamaka pobwerera, zitasenza mafiriji, njinga, mipando ndi matumba a zovala, ngolo ikugwedera kumbuyo. Ndaonapo sipulingi yomangidwa ndi mphira, tayala losalala ngati mbale, mabuleki otsala chitsulo chokha. Ukamuuza mwini wake kuti asinthe, amayankha kuti, "Bambo, ingomangani, tikaona kutsogolo." Kutsogoloko ndi zitunda za ku Zobue usiku, anthu khumi ali m'kati.

Pali zoopsa zoposa tayala. Wopanda pasipoti amakhala katundu m'manja mwa womutenga: amabisidwa, amalipira pa chotchinga chilichonse, ndipo akagwidwa kumwerako amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Ife a ku Mzimba tidaona ndi maso kumene kuyenda mobisala kumafikitsa. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga mudapezeka manda a anthu pafupifupi 30, amene apolisi adati adali ochokera ku Ethiopia. Mu March 2020, m'chigawo cha Tete, anthu 64 a dziko lomwelo adapezeka atafa m'kontena ya lole yochokera kuno ku Malawi. Onsewa adali ana a eni, olowera kumwera monga athu, ndipo kwawo amayi awo ankadikira uthenga wakuti afika.

Sindikunena kuti ana athu asamapite. Nyumba zambiri zamalata za ku Embangweni ndi ku Edingeni, monganso za ku Mangochi, zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo ana ambiri aphunzira ndi ndalama zomwezo. Ndikudziwanso kuti mlendo wa hema pamwamba uja ali ndi chuma chimene ife tilibe. Koma zambiri mwa zimene zimamupulumutsa sizidya ndalama zochuluka. Kuyang'ana tayala n'kwaulere. Kugona pamene tulo tabwera n'kwaulere. Kuimba foni kunyumba pa malire alionse kumadya makobidi ochepa. Chimandiwawa n'chakuti woyendera chisangalalo amasamala moyo wake kuposa mmene ife timasamalira woyendera banja lonse.

Mphwanga atati anyamuke, tidakhala pansi ndi mlongo wanga n'kugwirizana zinthu zinayi. Asanyamuke pasipoti isanatuluke, ngakhale ichedwe miyezi. Galimoto yomutenga ndiione ndekha, ndilowe pansi pake. Tidziwe dzina la dalaivala, nambala ya galimoto, ndi ngati pali wina wosinthana naye. Ndipo mnyamatayo asunge yekha pasipoti yake, asapatse munthu, atiimbire akatuluka Malawi, ali ku Tete, ku Harare ndi ku Musina. Mtransipota woyamba adakana kuti ndione galimoto yake, ife n'kumusiya. Wachiwiri adavomera, ndidamusinthitsa matayala awiri akutsogolo, ndipo mphwangayo adafika bwino, Alhamdulillah.

Makolo anzanga a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, safunsa adadya phula. Pa malo alionse okwerera pali makanika, ndipo ambiri a ife sitingakane kuyang'ana galimoto yonyamula mwana wa mnzathu. Mwana akabwera kudzatsazika, musangomupatsa kamba ndi dua yokha. Pitani naye kokwerera, muone matayala, mulembe nambala ya galimoto papepala, mulisunge m'nyumba mpaka atakuimbirani ali ku Johannesburg.