Tikiti ndi Mowa Si Malipiro

Masiku ano aliyense amene wagula foni ya makamera atatu kumbuyo akudzitcha wojambula, ndipo oimba athu azindikira msanga kuti mnyamata wotere savuta. Mukamulowetsa pageti ulele n'kumugulira mabotolo awiri, amajambula mpaka mbandakucha, pofika m'mawa zithunzi zili kale pa Facebook. Ine ndikatchula mtengo wanga, manijala wa bandi amagwira pakamwa. "Achimwene, mwadulitsatu. Pali mnyamata amatijambula ulele." Ndimawauza kuti apite kwa mnyamatayo, ndipo ambiri amapitadi. Ena amabwerera nthawi yosindikiza positala ikakwana, ataona kuti chithunzi cha ulele chija achikulitsa ndipo nkhope ya woimba wawo yasungunuka.

Ndikulankhula ndi inu amene mwangoyamba kumene, amene bandi yakufunsani koyamba kuti mutchaja zingati, mtima n'kuyamba kugunda. Za kagwiridwe ka kamera sindinena. Ngati zimenezo simunazidziwe, musalandire kaye ndalama ya munthu.

Kuwerengera mtengo ndinaphunzira kwa mdala wina wa ku Ndirande amene ankazungulira panjinga, kamera ya Pentax K1000 ili pakhosi. Ankajambula maukwati, makwaya, ana obatizidwa, ndi timabandi ta anyamata toimba m'maholo Loweruka masana. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36, ndipo mdalayo ankadziwa mtengo wa chithunzi chilichonse asanadine batani. Ankaphatikiza ndalama ya filimu, yotsukitsira ku Limbe, ya maenvulopu, ngakhale ya chigamba cha tayala, kenako n'kugawa ndi 30, chifukwa ankati zisanu ndi chimodzi zimafa basi: wina waphethira, wina wagwedezeka, mbuzi yadutsa. Ine ntchito yanga inali kunyamula chikwama ndi kulemba mayina m'kope. Kamera ankandigwiritsa ilibe filimu, n'kumandiuza kuti ndiloze anthu odutsa pamsewu ndi kunena pamene ndikanadina. Ndikachedwa ankangoti, "Wataya ndalama, mwanawe." Lenzi ankaipukuta ndi kansalu kamene ankasunga m'kachitini, ndipo ngakhale mayi a kunyumba kwawo sankaloledwa kukakhudza. Pansi pa bedi anali ndi katoni yodzaza zithunzi za anthu amene anaima bwinobwino, kumwetulira, koma osabweranso kudzatenga. Katoni imeneyo ndiyo inawaphunzitsa kulandira theka la ndalama asanatsegule chikwama, ndipo sankasiyanitsa, kaya ndi m'busa kaya ndi mlamu wawo.

Anthu amaganiza kuti poti filimu inatha, kujambula kulibenso chowononga. Shata ya kamera imatha. Opanga amati makamera ambiri apakati amapirira kudina kokwana 100,000 kapena 150,000, pamene shoo imodzi yokha imatha kudya kupitirira 1,000. Mabatire amafooka, memori kadi imafa, laputopu imafuna magetsi. Zida zonsezi timaitanitsa kunja, ku Johannesburg kapena ku Dubai, pa ndalama yakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye amene akutchaja mtengo wakalekale akudya kamera yake pang'onopang'ono osadziwa.

Koma chimene mukugulitsa kwenikweni ndi nkhondo yanu ndi magetsi a pasiteji. Amene amayatsa magetsi m'mashoo mwathu amakonda ofiira ndi apepo, aja a LED, ndipo khungu lakuda likalowa m'kuwala kofiira kamera imasokonezeka. Mphuno, masaya ndi chipumi zimasanduka chinthu chimodzi, nkhope n'kutuluka ngati phwetekere wakupsa. Mukayatsa fulashi mwapha utsi ndi mitundu yonse imene inakometsa malowo, komanso mwathobwa woimba m'maso. Ine ndimadalira lenzi ya 50mm f/1.8, yotchipa kuposa zonse zimene ndili nazo koma yosandichititsa manyazi mumdima. Liwiro la shata sinditsika pa 1/250, chifukwa woimba rege akamadumpha tsitsi limauluka, ndipo ISO ndimailola kukwera mpaka 3200 osadandaula. Chithunzi cha timadontho chimagulika, chogwedezeka ayi. Kuwala ndimayeza patsaya la woimba, n'kuchepetsako pang'ono kuti kufiira kusapse, chifukwa kukapsa palibe kompyuta ingakubwezereni khungulo.

Ndimafika masana nthawi yoyesa zida, n'kukapeza mnyamata wa magetsi. Ndimamugulira chakumwa n'kumupempha kuti pa nyimbo ziwiri zitatu aponyeko kuwala koyera kapena kwachikasu kutsogolo. M'mashoo akuluakulu a kunja ojambula amapatsidwa nyimbo zitatu zoyamba basi, kenako atuluke. Kuno bandi yaikulu imakwera pasiteji pakati pa usiku, inu mwaima kuyambira madzulo, mukukankhana ndi oledzera, dzanja limodzi lili pachikwama. Ndipo musaiwale woimba ng'oma. Amakhala kumbuyo kwenikweni, mumdima, atabisika ndi zitsulo zake, koma akasowa pazithunzi ndiye amayamba kuuza anzake kuti ndalama yapita pachabe.

Kukacha ntchito ndiye imayamba. Ndimajambula RAW, ndiye ndimakhala pa Lightroom kusankha, kutaya za pakamwa pokhota ndi za maikolofoni yophimba mphuno, kenako kubweza khungu chithunzi chimodzichimodzi: kuchepetsa kufiira, kukonza mtundu wa kuwala, kutsegula mithunzi pang'ono osafika poti munthu aoneke wotuwa. Zokanika ndimazisandutsa zakuda ndi zoyera, ndipo oimba amayesa ndachitira dala kuti zikongole. Ola limodzi la pasiteji limabala maola angapo a pampando. Oyamba kumene amatchaja usiku wokha, maola awa n'kupereka mphatso.

Choncho mtengo wanga uli ndi usiku wa shoo pamodzi ndi thiransipoti, uli ndi maola okonza, uli ndi ntchito imene chithunzicho chikagwire. Chachitatuchi ndicho chimautsa mkangano. Chithunzi choika pa Facebook ndi china, cha pachikuto cha chimbale ndi china, ndipo kampani yothandiza shoo ikachifuna pachikwangwani cha pamsewu tikambirananso. Oimba amalidziwa bwino bungwe la COSOMA loteteza ntchito za aluso, amalira tsiku ndi tsiku kuti anthu akukopa nyimbo zawo osalipira. Ndimangowakumbutsa kuti lamulo la Copyright la 2016 limene limateteza nyimbo zawo limatetezanso zithunzi zanga. Ena amaseka, ena amakwiya. Zonse ndimalemba pa WhatsApp tisanayambe: zithunzi 40 zokonza, tsiku lopereka, kumene zikagwire ntchito.

Ngati mukuona kuti dzina lanu likadali laling'ono, tsitsani mtengo, palibe cholakwika. Koma lembani mtengo weniweni, pansi pake mulembe zimene mwachotsapo. Mukangotchula wotsikawo, bandiyo idzauza mabandi onse a m'tauni kuti mtengo wanu ndi umenewo, ndipo kukweza kudzakhala ngati mwawabera. Bandi ikakutengani kupita kunyanja, monga ku Sand Music Festival ku Salima, onjezani malo ogona, chakudya, ndi kutsukitsa kamera, chifukwa mchenga umalowa paliponse. Kujambula ulele kuli ndi malo ake. Ku Tumaini Festival ku Dzaleka, kumene anthu amalowa osalipira, ndikhoza kupita pa ndalama yanga chifukwa ndafuna ndekha. Koma munthu amene akulipiritsa pageti, walipira holo, walipira zokuzira mawu, asandiuze kuti adzanditchukitsa.

Mawu oopsa kwambiri ndi akuti "tikuonani tikawerenga za pageti." Mvula ikagwa, anthu osabwera, wojambula ndiye womaliza pamzere, kumbuyo kwa alonda ndi onyamula masipika. Theka lilowe pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndisananyamuke pakhomo. Zoonetsa ndimatumiza zazing'ono, dzina langa litadutsa pakati penipeni, chifukwa mukaliika pakona amalidula. Akamaliza kulipira amayambanso zina: titumizireni zonse ngakhale zoipazo, chepetsaniko mimba ya a bezi, fufutani mayi uyo ali kumbuyoyo, akazi anga asamuone. Mimba ndi mayi uja ndimachotsa pa mtengo wapadera. Wondipempha kuti ndimuyeretse khungu ndimamukanira, chifukwa ndakhala usiku wonse ndikulibweza mmene Mulungu analipangira.